Kasanthulidwe ka muyeso, maliwu ndi chibwereza m'ndakatulo yachipembedzo

Pofuna kusanthula ndakatulo kapena nyimbo ya m'tchalitchi, khalani ndi ndakatulo yonse papepala, pensulo, ndi malo oti muwerenge mokweza.

1. Iwerengeni mokweza kawiri musanalembe kanthu. Khutu limagwira zomwe diso limaphonya.

2. Gawani mzere uliwonse m'maphatikizo, mulembe chiwerengero kumapeto kwake. Mu-lu-ngu ndi atatu, A-mbu-ye ndi atatunso. Ndime ikapereka 8, 6, 8, 6, ndiye muyeso wake, womwe mabuku ambiri anyimbo amalemba 8.6.8.6.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: "m" wina amaima payekha. Mbu-zi ndi awiri, koma m-bu-sa ndi atatu, m-ti-ma atatunso. Oimba amamumeza "m" ameneyu kuti mawu akwane m'nyimbo, choncho mzere ukaposa ndi phatikizo limodzi, yang'anani pamenepo musanati mlakatuli walakwitsa.

3. Onani maliwu, kutanthauza kamvekedwe ka mathero a mizere. Ofanana apatseni chilembo chimodzi, monga a b a b. Musakhutire ndi "a" womaliza yekha, popeza aneni ambiri amathera pomwepo. Funani kufanana kwa maphatikizo awiri omaliza, ngati "tamanda" ndi "manda".

4. Dulani mzere kunsi kwa mawu obwerezedwa, muwerenge kuti abwera kangati ndiponso pati. Mu Salimo 136, mawu onena za chifundo chosatha cha Mulungu akutseka mavesi onse 26, zomwe zimalola mtsogoleri kutchula ntchito za Mulungu, mpingo n'kumavomera.

5. Pa chilichonse mwapeza, lembani ntchito yake: kutsindika chiphunzitso, kuthandiza kuloweza, kapena kuitana anthu kuti avomere.