Momwe mungasankhire maphunziro a medical transcription muli ku Salima

Medical transcription ndi ntchito yomvetsera mawu omwe dokotala wajambula atatha kuona wodwala, n'kuwatayipa kuti akhale lipoti lolowa m'fayilo ya wodwalayo. Zotsatsa za maphunziro ake zachuluka pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, zambiri zikulonjeza madola muli khale pakhomo. Musanatumize fizi pa Airtel Money kapena Mpamba, yendani motere.

Yambani ndi funso lakuti adzakulembani ntchito ndani. Izi ndiye zimasankha sukulu, osati kukongola kwa satifiketi. Pachipatala cha boma cha Salima, kapena ku St Anne's ku Nkhotakota, dokotala amalemba yekha m'buku la kuchipatala lomwe wodwala amabwera nalo. Kujambula mawu kuti wina akatayipe sikunazolowereke kwathu kuno. Ndiye misika yeniyeni ilipo iwiri. Wina ndi makampani a kunja, monga ku America ndi ku UK, omwe amatumiza ntchito pa intaneti. Winawo uli pafupi: mabungwe ofufuza za umoyo, monga Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi Liverpool Wellcome Programme ku Blantyre. Ofufuza akacheza ndi anthu m'midzi, pamafunika wolemba zomwe zajambulidwazo n'kuzimasulira m'Chingerezi. Kwa ine, munthu wa kuno ayambire apa, chifukwa Chichewa chake ndi mpamba kale, ndipo wodziwanso Chiyao kapena Chitonga ali patsogolo pa anzake.

Mukadziwa komwe mukulowera, dziyeseni nokha kwaulere. Olemba ntchito ambiri amafuna munthu wotayipa mawu pafupifupi 60 pamphindi popanda kuyang'ana pa kiyibodi, ndipo pa intaneti pali masamba oyezera liwiro osalipiritsa. Ngati mudakali kusakasaka zilembo ndi chala chimodzi, yambani mwafunsa za maphunziro a kompyuta ku Salima Technical College ku Senga Bay, kapena pasukulu ina yolembetsedwa ku TEVETA. Yesaninso khutu. Chingerezi cha MSCE n'chosiyana ndi cha dokotala wotopa amene akuyankhula mothamanga, mwinanso akutafuna kanthu.

Tsopano itanitsani mndandanda wa zomwe sukuluyo imaphunzitsa, ndipo apa musapupulume. Payenera kukhala ziwalo za thupi ndi kagwiridwe kake ka ntchito, mawu a zachipatala, mayina a mankhwala ndi milingo yake, kawerengedwe ka zotsatira za ku labu, komanso kalembedwe ka malipoti osiyanasiyana, monga la opaleshoni ndi lotulutsira wodwala m'chipatala. Izi si zokongoletsa. Kulemba 50 mg pomwe dokotala wanena 15 mg, kapena kusokoneza hypertension (BP yokwera) ndi hypotension (BP yotsika), kukhoza kupha munthu.

Funsani mwachindunji kuti mudzayeserera ndi mawu a ndani. Sukulu zina zimapereka mawu owerengedwa bwinobwino ndi mphunzitsi, omveka ngati nkhani za pa wailesi. Zabwino zimapereka mawu enieni a madokotala, atachotsamo mayina a odwala, ndipo pamakhala munthu wochonga ntchito yanu n'kukuuzani pomwe mwalakwitsa. Funsaninso ngati amaphunzitsa kukonza zolembedwa ndi makina. Masiku ano mapulogalamu ngati Dragon Medical amasandutsa okha mawu kukhala zolemba, moti ntchito yambiri yatsala yokonza zomwe makinawo aphonya. Ku America komweko ntchito yotayipa kuyambira pachiyambi ikucheperachepera. Sukulu yomwe sikutchula zimenezi ikukuphunzitsani ntchito ya dzana.

Kenako tsimikizani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka. Ngati ndi ya m'dziko muno, dzina lake lipezeke ku TEVETA kapena ku National Council for Higher Education. Ngati ndi ya ku America, onani ku AHDI, bungwe la akatswiri a ntchitoyi, lomwe limavomereza maphunziro ndi kulembetsa mayeso. Satifiketi yawo ya RHDS ndi ya oyamba kumene, pomwe CHDS imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Koma chenjerani: makampani ambiri a kumeneko amalemba anthu okhala m'dziko lawo okha. Werengani zotsatsa ntchito zingapo, muone ngati zikulola munthu wa ku Malawi, musanalipire mayeso. Sukulu ikanena kuti idzakupezerani ntchito, ipempheni ikulumikizeni ndi wina amene adamaliza ali mu Africa muno, mucheze naye nokha.

Powerengera ndalama, fizi ndi chiyambi chabe. Sukulu za kunja zimalipiritsa m'madola, ndipo aliyense akudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira kumabanki, choncho funsani kubanki yanu ngati khadi lanu lingalipire. Onjezani laputopu ya batire lolimba, mahedifoni abwino, kachipangizo kopondera ndi phazi koimitsira ndi kubwezera mawu, ndi bandulo ya mwezi ndi mwezi. Pulogalamu ya Express Scribe, yomvetserera mawu ojambulidwa potayipa, ili ndi mtundu waulere womwe mungayambire. Za magetsi musadalire ESCOM yokha, ngakhale ku Salima kuno kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW. Kasola kapakhomo kadzakupulumutsani tsiku lopereka ntchito.

Chotsala ndi chinsinsi cha odwala. Maphunziro anu akhudze lamulo la HIPAA la 1996, loteteza chinsinsi cha odwala, ngati mukufuna ntchito za ku America, komanso Data Protection Act ya 2024 ya kuno kwathu. Izi zikutanthauza kuti ntchitoyi siigwirika pa kompyuta ya pa intaneti kafe ku Kamuzu Road, kapena pa laputopu yobwerekana ndi achimwene anu. Ngati mulibe yanuyanu, gulani kaye imeneyo, fizi ibwere pambuyo.