Keke ya chokoleti ya brownie yopanda tirigu ndi mkaka: mowa wake ukhale wa chimera chathu

Amayi ndi abambo amene mumaphika zogulitsa kuno ku Zomba, ena mwa inu mwayamba kulandira makasitomala ofunsa keke yopanda tirigu ndi mkaka. Amene amafunsa kwambiri ndi alendo opita kuphiri ku Chawe, ophunzira a ku yunivesite, komanso mabanja amene ali ndi munthu amene dokotala anamuletsa zakudya zimenezi. Keke yosavuta kuyambira ndi brownie, ya chokoleti yochokera ku America, yosafufuma kwambiri, yolemera ndi yonyowa pang'ono m'kati. Imalola kusintha ufa chifukwa mphamvu yake ili pa mazira, shuga ndi koko. Ophika ena amathiramo mowa wakuda kuti chokoleti chimveke kwambiri, ndipo apa m'pamene ndikufuna tichenjere.

Mowa wa m'botolo umene timaudziwa m'mashopu amaufulula ndi chimera cha balere. Balere ali ndi gluten, chimodzimodzi tirigu ndi mbewu ina yotchedwa rye. Gluten ndi puloteni amene amapangitsa ufa wa mandasi kunanda ndi kutamuka mukaukanda. Pali anthu amene ali ndi matenda a celiac, omwe thupi lawo likalandira gluten limayamba kuwononga lokha m'kati mwa matumbo aang'ono, munthu n'kumatsegula m'mimba, kuwonda ndi kuchepa magazi. Kwa anthu amenewa ngakhale kachidutswa kakang'ono kamavulaza. Muyezo wa mayiko onse umati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Choncho mukavutika kusinja ufa wa mpunga, kenako n'kutsanuliramo botolo la mowa wa balere, ntchito yonse yapita m'madzi. Kuwiritsa sikuchotsa gluten, ndipo moto wa uvuni sumupha.

Mwayi wathu ndi woti chimera cha kwathu kuno ndi cha mawere, mapira kapena chimanga, ndipo mbewu zitatuzi zilibe gluten. Masese ofulula pakhomo ndi thobwa zimagwira ntchito imene mowa wakuda umagwira kunja kuja: zimabweretsa kafungo ka chimera ndi kuwawasa pang'ono kumene kumadzutsa koko. Ine ndimakonda kulangiza thobwa. Zomba muno tili ndi abale athu ambiri achisilamu ndi a mipingo imene salawa mowa, ndipo keke imadyedwanso ndi ana ndi amayi oyembekezera. Musakhulupirire zoti mowa wonse umauluka ndi nthunzi pophika, chifukwa gawo lina limatsalira m'keke. Thobwa likhale la tsiku lomwelo kapena la dzulo, popeza likagona masiku limayamba kusanduka mowa. Mukasankha masese, funsani mayi wofululayo kuti anathiramo chiyani, ndipo ngati ndi mowa wa m'paketi werengani zolembedwa. Mukaona mawu akuti barley kapena malt wosatchulidwa mbewu yake, usiyeni. Kachasu asayandikire n'komwe.

Ufa wa tirigu tiulowetse m'malo ndi mitundu iwiri, wa mpunga ndi wa chinangwa. Mpunga tili nawo pafupi, ku Likangala ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa, ndipo simufunika wautali wokongola uja wa Kilombero. Mpunga wosweka umene amagulitsa motchipa pamakina opunthira ndi wokwanira. Upeteni, muutsuke, muuviike usiku umodzi, muuyanike mpaka uume gwa, kenako mukagayitse ndi kusefa kawiri. Kusefa kachiwiri musakunyozere. Ufa wa mpunga wokhala ndi misere umamveka ngati mchenga m'mano, ndipo kasitomala akaumva kamodzi sabweranso.

Chinangwa ndicho chimamata keke kuti isamafumbutuke podula. Tengani chotsekemera monga Manyokola. Chisendeni, muchitsuke, muchipale pa chipalo kuti chikhale tizidutswa, muchifinye m'thumba loyera mpaka madzi atheretu, ndipo muchiyanike pathandala tsiku lomwelo. Chikauma msanga ufa wake umayera ndipo sukhala ndi fungo. Kondoole wa chinangwa choviika ndi wabwino pa nsima, koma m'keke fungo lake limalimbana ndi koko. Makaka a pamsika amene ali ndi madontho akuda kapena obiriwira ndi achuku, musawagule. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amafuna kuviika masiku angapo, ndiye pa ntchito iyi chisiyeni. Popeza kuno mvula imagwa yambiri ndipo chinyontho sichichedwa kulowa m'nyumba, konzani ufa wokwanira m'miyezi yadzuwa, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, n'kuusunga m'ndowa yotseka bwino.

Za mkaka ndi nkhani ina payokha. Akuluakulu ambiri a mu Africa muno mimba zawo sizigaya bwino shuga wa mu mkaka, n'chifukwa chake ena akamwa amatupa m'mimba kapena kutsegula. Ena ochepa thupi lawo limadana ndi puloteni wa mkaka, ndipo amenewa akhoza kutupa nkhope kapena kubanika. Batala tachotsa, koma majarini ambiri nawonso amakhala ndi mkaka pang'ono, choncho gwiritsani ntchito mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a soya. Mazira si mkaka, akhalemo. Koko akhale weniweni wosasakaniza, wowawa uja. Ufa wa chokoleti wothira m'tiyi, monga Milo, uli ndi mkaka ndi chimera cha balere chomwe, ndiye umaphwanya malamulo onse awiri nthawi imodzi.

Miyezo iyi ndi ya thireyi ya masentimita 20 mbali zonse, pogwiritsa ntchito kapu ya mamililita 250. Mufunika theka la kapu ya ufa wa mpunga, kota ya kapu ya ufa wa chinangwa, theka la kapu ya koko, kapu imodzi ya shuga, theka la kapu ya mafuta, mazira awiri aakulu, theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndi mamililita 80 a thobwa kapena masese osefa. Ngati thobwa lanu munathira kale shuga wambiri, chotsaniko masupuni awiri aakulu pa kapu ya shuga ija.

Yambani ndi chakumwacho. Chisefeni pa kansalu koyera kuti misere yonse itsale. Masese tengani kapu yathunthu, muwaike pamoto wochepa mukutakasa mpaka atsale pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu. Potero kukoma kwa chimera kumasonkhana ndipo keke siichita madzi. Thobwa musaliphwetse motero chifukwa lili ndi ufa wambiri, lingasanduke phala. Ingolitenthetsani mpaka liyambe kutulutsa nthunzi. Chakumwacho chidakali chotentha, thiranimo koko n'kutakasa. Mudzaona koko akuda bii ndi kunyezimira, fungo lake n'kudzaza khitchini. Koko wothira mouma pa ufa safika pamenepo. Ngati mwagwiritsa ntchito masese owawasa, onjezani soda wa pansonga ya supuni yaing'ono kuti achepetse kuwawasako. Soda wochuluka amapatsa keke kukoma kwa sopo.

M'mbale ina menyani mazira ndi shuga ndi mphamvu kwa mphindi zisanu, mpaka ziyere ndi kuchita thovu. Anthu ambiri amatopa pa mphindi imodzi, koma kumenya kumeneku ndiko kumasungunula shuga ndi kupanga kakhungu kopyapyala konyezimira pamwamba, kamene wogula amayamba kuona asanalawe. Thiranimo mafuta, kenako koko uja atazizira pang'ono kuti asaphike mazira. Pomaliza ikani ufa wonse ndi mchere, musakanize ndi mthiko mpaka ufa usaonekenso. Pano palibe mantha oti keke ilimba mukatakasa kwambiri, poti gluten wolimbitsayo mulibemo.

Mukatero musathamangire kuuvuni. Vindikirani mbale ndipo muisiye mphindi 20 mpaka 30. Ufa wa mpunga umachedwa kumwa madzi, ndipo nthawi imeneyi ndiyo imafewetsa timisere totsalira pa sefa. Ino ndi nthawi yabwino yokoleza makala kapena kuyatsa uvuni. Thireyi ipakeni mafuta n'kuwaza koko pang'ono. Chizolowezi chowaza ufa wa tirigu pa thireyi chiiwaleni pa keke iyi.

Mu uvuni wa magetsi kapena wa gasi, ikani pa madigiri 175 kwa mphindi 25 mpaka 30. Amene mulibe uvuni, njira ya chigumu ija ikugwira. Ikani mchenga wouma m'poto wamkulu, kukhuthala kwake ngati zala ziwiri, muutenthetse pambaula, muikepo thireyi, muvindikire ndi chivindikiro chachitsulo, ndipo makala ambiri akhale pamwamba, pansi patsale ochepa. Koko ndi shuga zimapserera msanga pansi, ndipo poti keke ndi yakuda kale, simuona ndi maso kuti yapserera, mumangomva kuwawa podya. Mphuno ikuthandizeni: fungo likasintha kuchoka pa chokoleti kupita ku utsi, phulani makala apansi. Zikakwana mphindi 25 bayani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka ndi tinyenyeswa tonyowa, yapsa. Kakatuluka ndi phala, dikirani mphindi zisanu. Kakatuluka koyera mbee, mwapitiriza, ndipo mawa idzakhala youma, chifukwa ufa wa mpunga umauma msanga kuposa wa tirigu.

Isiyeni m'thireyi momwemo maola awiri musanadule. Ikadali yotentha imaphwanyika, koma ikazizira chinangwa chija chimagwira, ndipo mumapeza zidutswa 16 zooneka bwino. Mukafuna kuikometsa, donthezani chiponde pamwamba musanaphike n'kukoka mizere ndi mpeni, kapena thiranimo mtedza wokazinga. Mtedzawo musankhe umodziumodzi, wofota ndi wachuku utayidwe, ndipo wogula muzimuuza kuti muli mtedza poti enanso umawadwalitsa. Nyengo ya sitiroberi za kuphiri, zipatso ziwiri pambali pa chidutswa zimakweza mtengo wake. Posunga, ikani m'chotengera chotseka pamalo ozizira ndipo ithe m'masiku atatu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ziwiya. Ambiri a inu mumaphikanso mandasi ndi masikono m'khitchini yomweyo. Ufa wa tirigu umauluka, umakhala pa sefa, m'ming'alu ya mthiko, pa nsalu yopukutira, ngakhale m'chitini cha shuga ngati munalowetsamo supuni ya ufa. Khalani ndi sefa, mthiko, mbale ndi thireyi zapadera za keke iyi, muzilembe chizindikiro. Iphikeni m'mawa musanatsegule thumba la tirigu, tebulo litatsukidwa ndi sopo. Kuchigayo funsani ngati agayapo tirigu, ndipo ufa woyamba kutuluka muupatule ukhale wa phala la pakhomo.

Pogulitsa nenani zimene mwathiramo, zonse, kuphatikizapo masese ngati alimo. Ngati khitchini yanu imaphikanso za tirigu, muuzeni wogula poyera kuti munthu wa celiac asankhe yekha akudziwa. Mawu oti chakudya chilibe gluten ndi lonjezo lokhudza thanzi la munthu, ndiye musawalembe papaketi chifukwa chofuna msika okha. Amene mukufuna kupakira ndi kuika m'mashopu, kaonaneni ndi a Malawi Bureau of Standards akufotokozereni za malembo ndi kuyeza. Ndipo munthu akakuuzani kuti buledi amamupweteka m'mimba koma sanapimidwe, mulimbikitseni apite kuchipatala asanasiye tirigu, chifukwa kupima kwa celiac kumaonetsa zoona pamene munthu akudyabe gluten.