Momwe mungasankhire kulanti wa galimoto yakale yomwe yatafuna makilomita

Mu Okutobala wa chaka chatha ndinkachokera ku Jenda kubwerera pa Kasungu boma, dzuwa likuswa mtengo, kenaka ndinangoona kamuvi ka kutentha kwa injini kakukwera pang'onopang'ono. Ndinaima pambali pa msewu wa M1, n'kudikira pafupifupi ola lathunthu kuti injini izizire. Nditatsegula rediyeta, zomwe ndinaona si madzi ayi, koma chinthu chofiirira ngati thobwa la mawere, kukhosi kwa rediyeta kutamata matope adzimbiri. Corolla imeneyo inali itadutsa makilomita 280,000, ndipo zaka zonsezo ndinkangoithira madzi a pa mjigo, nthawi zina kuwonjezera kabotolo ka kulanti (mankhwala othira m'madzi oziziritsa injini) aliyense amene ndamupeza pa shopu. Rediyeta inachita kusinthidwa, pampu ya madzi chimodzimodzi. Ndalama imene inapita pamenepo ikanandigulira kulanti wa zaka zambiri.

Ambiri kuno timati kulanti ndi wa kumayiko ozizira kumene madzi amauma. N'zoona kuti ngakhale mu Juni, Kasungu sazizira mpaka kuumitsa madzi mu injini. Koma kulanti ali ndi ntchito zina ziwiri. Yoyamba ndi kuletsa dzimbiri. Yachiwiri ndi kuchedwetsa kuwira, ndipo apa ife ndife osowa kwambiri chifukwa tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 osati 100. Nazi njira zomwe ndimatsata tsopano.

1. Iwalani kaye za mtundu

Mukalowa mu shopu ya zipangizo za galimoto, funso loyamba limakhala lakuti, "Bwana, mukufuna wobiriwira kapena wofiira?" Mtunduwo ndi utoto chabe umene kampani yathiramo. Mabotolo awiri obiriwira akhoza kukhala ndi mankhwala osiyana kotheratu. Chofunika ndi zolembedwa kumbuyo kwa botolo.

Pafupifupi kulanti yense amapangidwa ndi ethylene glycol. Kusiyana kuli pa mankhwala oteteza zitsulo. Wachikale uja, amene amalembedwa kuti IAT, amakuta zitsulo msanga koma mphamvu yake imatha pa zaka ziwiri. Wa OAT amakhalitsa, mpaka zaka zisanu, ndipo anapangidwira injini ndi marediyeta a aluminiyamu. Palinso wa HOAT amene amaphatikiza njira ziwirizi. Botolo limene silinena chilichonse mwa izi, silitchula ngakhale ethylene glycol, koma mtengo wake ndi wotsika modabwitsa, lisiyeni pa shelefu pomwepo. Mwina mukugula madzi opaka utoto.

2. Yang'anani rediyeta yanu, ndiponso kumene galimoto inachokera

Apa ndiye pagona nkhani. Tsegulani boneti injini ili yozizira. Ngati pamwamba ndi pansi pa rediyeta pali pulasitiki yakuda, pakati pali chitsulo choyera chopepuka, imeneyo ndi ya aluminiyamu. Ngati yonse ndi yachitsulo, ndipo mukapala penti pang'ono mukuona mkuwa wachikasu, ndi yachikale ija yowotcherera, yomwe imapezeka m'ma Land Cruiser, ma Hilux ndi ma Datsun akale. Yamkuwayi imafuna kulanti wachikale wa IAT, chifukwa wa OAT sateteza bwino mkuwa ndi malo owotcherera. Musanyengedwe ndi mawu oti "long life" ngati galimoto yanu ili ya gulu limeneli. Gulani wachikale, muzimusintha zaka ziwiri zilizonse, basi.

Koma galimoto zambiri zimene zadzaza pa depoti ya Kasungu, ma Probox, ma Sienta, ma Vitz ndi ma Hiace, ndi zochokera ku Japan ndipo zili ndi aluminiyamu. Makampani a ku Japan amakonda kulanti wokhala ndi mankhwala oteteza zitsulo a phosphate koma wopanda a silicate, poopa kuti silicate amadya chotsekera (seal) choletsa kudontha pa pampu ya madzi. Toyota ili ndi wofiira wotchedwa Long Life Coolant, wofunika kusungunula ndi madzi ndi kusintha pa zaka ziwiri kapena makilomita 40,000, komanso wapinki wotchedwa Super Long Life Coolant amene anabwera m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, wosakaniza kale. Wapinkiyu galimoto ikakhala yatsopano amafika makilomita 160,000, koma kuyambira pamenepo ndi 80,000 yokha. Galimoto yobwera kudzera pa Songwe itayenda kale makilomita 150,000, musaganize kuti kulanti wake akadali ndi moyo wautali.

A ku Ulaya anatenga njira ina. Iwo amapewa phosphate chifukwa amagwirana ndi madzi a laimu n'kupanga zokakamira. N'chifukwa chake mwini Golf kapena Polo ayenera kufunafuna nambala monga G11, G12 kapena G13 molingana ndi zomwe zalembedwa pa kathanki ka kulanti. Nanunso a malole akuluakulu a dizilo onyamula fodya kupita ku Chinkhoma, funsani kulanti wa "heavy duty"; wa galimoto zing'onozing'ono sateteza mokwanira masilinda a injini zoterozo.

3. Yezani kaye thanzi la injini

Kulanti wodula sachiza injini yodwala. Musanawononge ndalama, tulutsani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, ndipo muyang'anenso kunsi kwa chivindikiro cha oyilo. Mukaona zoyera ngati chambiko, kapena mukaliza injini n'kuona thovu likutuluka mosalekeza mu rediyeta, kapenanso utsi woyera wonunkhira motsekemera ku ekizozi injini itatentha kale, ndiye kuti mwina gasiketi ya hedi ya injini yapsa. Pitani kwa makaniko, za kulanti zibwere pambuyo.

Finyani mapaipi a labala ndi dzanja. Yofewa ngati nthochi yakupsa kapena youma mong'aluka, sinthani. Yang'anani pansi pa pampu ya madzi ngati pali zoyera kapena zofiirira zouma, chizindikiro chakuti ikudontha.

Chivindikiro cha rediyeta musachipeputse. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, ndipo ndi chimenechi chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka kudutsa madigiri 120. Labala yake ikatha, galimoto imawira ngakhale muthire kulanti wabwino chotani. Ndi chotsika mtengo, gulani cha nambala yomweyo.

Ndinenepo za thermostat, kavalavu kamene kamatsegulira madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha. Amakaniko ena akangomva kuti galimoto ikutentha, amaichotsa n'kukuuzani kuti "ku Malawi kuno sifunika". Ine sindigwirizana nazo. Popanda iyo injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga, pomwe vuto lenileni, kaya ndi rediyeta yotsekeka kapena fani yofooka, likadali pomwepo.

4. Tsukani musanathire watsopano

Ngati simukudziwa zomwe zili mu injini, ndipo ambirife sitidziwa, musangowonjezera pamwamba. Kusakaniza mitundu kumafooketsa mankhwala onse awiri, nthawi zina kumapanga phala lotseka timipata ta rediyeta.

Injini ili yozizira, ikani beseni pansi, tsegulani kampopi ka kunsi kwa rediyeta kapena vulani paipi yapansi. Zikatha kutuluka, tsekani, dzazani madzi oyera, ikani hita ya m'galimoto pa kutentha kwambiri, lizani injini mpaka fani itazungulira. Zimitsani, dikirani izizire, khuthulani. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera. Kwa ine zinatenga maulendo anayi, tsiku lonse la Loweruka.

Chenjezo kwa a galimoto zakale kwambiri: mankhwala amphamvu otsukira aja amachotsa dzimbiri lomwe mwina ndi limene linkatseka timabowo. Mukatsuka n'kuona pakudontha, musanene kuti kulanti watsopano waboola rediyeta. Bowolo linalipo kale. Ndipo za kuthira dzira laliwisi kuti litseke, zisiyireni tsiku limene mwafera kutchire cha ku Lifupa kopanda wokuthandizani.

5. Madzi osakanizira ndi muyezo wake

Werengani ngati botolo lalembedwa "concentrate" (losasakaniza) kapena "premixed" (losakaniza kale). Losakaniza kale musathiremo madzi. Losasakaniza, theka kulanti theka madzi ndiye muyezo wabwino. Thumba likavuta mutha kutsikirako, koma osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu, apo ayi mankhwala oletsa dzimbiri amachepa mphamvu. Kuthira kulanti yekhayekha wosasungunula nakonso n'kulakwa, chifukwa madzi ndi amene amanyamula kutentha bwino kuposa glycol.

Madzi ake akhale osungunulira batire aja, a distilled, osati a asidi. Amene amaphika tiyi ndi madzi a pa mjigo amadziwa zoyera zomwe zimakakamira pansi pa ketulo; zomwezo ndi zomwe zimamata m'timapaipi ta rediyeta, ndipo timipata take n'tating'ono kwambiri. Mukasowa, madzi amvula otchezera bwino n'kusefa ndi abwinoko kusiyana ndi a pa chitsime. Galimoto yaing'ono imalowa malita pafupifupi asanu kapena asanu ndi limodzi, koma kumbukirani kuti madzi ena otsukira amatsalira mu injini, choncho yambani mwathira kulanti wosasungunula theka la muyezo wonse, kenaka mudzazitse ndi madzi.

6. Tulutsani mpweya

Thirani pang'onopang'ono. Lizani injini chivindikiro chili chotsegula, hita ili pa kutentha, muzifinya paipi yapamwamba kuti thovu lituluke. Madzi akatsika, onjezerani. Akasiya kutsika tsekani, dzazani kathanki mpaka pa mzere wa FULL. Mawa lake m'mawa, musanalize, yang'ananinso. Kawirikawiri amakhala atatsikako pang'ono. Kwa sabata yathunthu muziyang'ana pansi pomwe galimoto yagona.

Kulanti wakale uja mu beseni musamukhuthulire pabwalo kapena mu ngalande. Ethylene glycol amatsekemera koma ndi poizoni woononga impso, ndipo galu, mbuzi kapena mwana wokwawa sangamuleke. Muthireni m'chigubu chotseka bwino, chisakhale botolo la chakumwa, mulembepo, muchiike patali ndi ana. Pomaliza tengani maka, mulembe kunsi kwa boneti tsiku, makilomita ndi dzina la kulanti amene mwathira. Pa Corolla yanga palembedwa kuti wofiira wa Toyota, makilomita 283,400, ndipo kabotolo ka lita imodzi kosakaniza kale kamakhala mu buti kuti pa ulendo wa ku Mchinji ndisadzapemphenso madzi pa mjigo.