Musanagulitse kachipangizo kokhala ndi Wi-Fi kapena LoRa mkati

Ambiri amene timapanga tizipangizo tamagetsi, kaya koyezera madzi m'thanki, kaya koyang'anira batire ya sola, sitipanga tokha gawo la wailesi. Timagula module yopangidwa kale, monga ESP32 ya kampani ya Espressif kapena ya LoRa (wailesi yotumiza timauthenga tating'ono patali ndi mphamvu yochepa), n'kuiwotcherera pa bolodi yathu. Pa kachitsulo kophimba module pamakhala FCC ID (nambala ya chilolezo cha FCC, bungwe loyang'anira za mawailesi ku America) ndi chizindikiro cha CE (chosonyeza kutsata malamulo a ku Ulaya), ndiye munthu amangoti za malamulo zatha. Ayi ndithu. Chilolezocho ndi cha module yokhayo, ndipo chimagwira ntchito ngati mwaiika mofanana ndi mmene inalili poyezedwa. Chipangizo chonsecho mlandu wake ndi wanu.

Musanaitanitse kanthu, dziwani dziko lomwe mudzagulitseko, chifukwa ma frequency ololedwa amasiyana dziko ndi dziko. Wi-Fi ndi Bluetooth za pa 2.4 GHz sizivuta kwenikweni. Ambiri amapunthwa pa LoRa. Ma module a ku America amayenda pa 902 mpaka 928 MHz, pomwe ku Ulaya ndi maiko ambiri a mu Africa amagwiritsa ntchito 868 MHz. Kuno kwathu chigawo cha 880 mpaka 915 MHz ndi cha GSM, mpomwe foni imatumizira mawu ku mlongoti. Mukayatsa module ya 915 ku Lilongwe chifukwa inali yotchipa, mwalima m'munda wa eni. Pa 868 napo pali malire. Ku Ulaya, pakati pa 868.0 ndi 868.6 MHz, mphamvu siyenera kupitirira 25 mW, ndipo kachipangizo kasatumize uthenga kupyola masekondi 36 pa ola.

Kenaka funsani wogulitsa mapepala: chilolezo cha FCC, malipoti a ku labotale, ndi kabuku kofotokoza kaikidwe ka module. FCC ID ija ilembeni pa tsamba la FCC muone ngati ikutulutsa dzina la kampani yomweyo. Zilembo zoyambirira zimasonyeza kampani, za Espressif ndi 2AC7Z. Wogulitsa akayamba kuzungulira pa nkhani ya mapepala, ine ndimamusiya, ngakhale mtengo utsike bwanji.

Eriyo ndi yomwe imawononga zilolezo zambiri. Lamulo la ku America limalola eriyo ya mtundu womwe unayezedwa, ya gain (muyezo wa mmene eriyo imalimbikitsira uthenga kumbali yomwe yaloza) yofanana kapena yochepera. Nkhani yake imayamba chonchi. Munthu watsekera bolodi m'bokosi lachitsulo kuopa mvula ndi akuba, netiweki yafooka, ndiye akugula eriyo yaitali yakunja n'kuilumikiza. Uthenga ukufikadi patali, koma chilolezo chija chathera pomwepo. Ku Ulaya malire a 100 mW pa 2.4 GHz amawerengera pamodzi ndi gain ya eriyo, choncho eriyo yamphamvu ingakudumphitseni malire musanakhudze n'komwe pulogalamu. Ine ndimakonda module yokhala ndi eriyo yake yojambulidwa pa bolodi, m'bokosi la pulasitiki. Mbali ya eriyoyo ndimaiika kumapeto kwenikweni kwa bolodi, pansi pake popanda kopa, ndipo batire, mawaya ndi zomangira zachitsulo ndimazitalikitsa mamilimita 15 monga amalangizira a Espressif. Ngati bokosi lachitsulo n'losapeweka, sankhani eriyo pa mndandanda wa zimene zinayezedwa ndi module yomweyo.

Werenganinso za mtunda. Zilolezo zambiri za FCC zimati eriyo ikhale masentimita 20 kuchokera pathupi la munthu. Chipangizo chovala pamkono kapena choika m'thumba chimafuna kuunikidwa mwapadera. Mu pulogalamu ikani dziko lolondola ndipo mutseke mphamvu kuti wogula asathe kuikweza. Ku America Wi-Fi ya 2.4 GHz nthawi zambiri imalekezera pa tchanelo 11, ku Ulaya imafika 13.

Chipangizo chikatha, chiyezedwe chathunthu. Kagawo kotsitsa voteji ndi tchaja ya sola zimatulutsa phokoso lamagetsi lomwe silikhudzana ndi module. Kuyeza koyamba n'kosavuta, yandikizani wailesi ya AM pa bolodi ikugwira ntchito. Ikayamba kulira kuti tsss, konzani musanalipire ku labotale. Ku America mudzalemba kunja kwa bokosi mawu oti "Contains FCC ID" ndi nambala ya module. Ku Ulaya lamulo la 2014/53/EU silipereka chilolezo cha module chomwe mungangotengera. Malipoti ake amathandiza, koma pepala lotsimikizira kuti chipangizo chikutsata malamulo mumasainira nokha, ndipo failo yake mumaisunga zaka 10. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2025 awonjezeranso zofunika pa chitetezo cha zipangizo zolumikizika pa intaneti.

CE ndi FCC sizilowa m'malo mwa chilolezo cha kuno. Ku Malawi type approval, chilolezo cha mtundu wa chipangizo, imaperekedwa ndi MACRA, ku Zambia ndi ZICTA, ku South Africa ndi ICASA, yomwe imafunanso kuti chizindikiro chake ndi nambala ya chilolezo zioneke pa chipangizo. Lemberani bungwelo musanapange zipangizo zambiri, mutumize malipoti a labotale, zithunzi za mkati ndi kunja, ndi pepala losonyeza frequency ndi mphamvu. Mukadzasintha module kapena eriyo chifukwa yakale yasowa pamsika, adziwitseni musanatumize katundu watsopanoyo kwa ogula.