Magazi sapangidwa mwezi womaliza: yambani sikelo msanga

Mayi akakhala ndi pathupi, magazi ake amayenera kuwonjezekera ndi pafupifupi theka la amene anali nawo, poti tsopano akudyetsa anthu awiri. Kuti thupi lipange magazi amenewa limafuna ayironi, mchere wa m'thupi wochokera m'zakudya, pomwe amayi ambiri amatenga pathupi ayironi ali wochepa kale. Vuto la kuchepa kwa magazi limayambira pamenepa, ndipo silichita phokoso. Mayi amangomva kutopa, chizungulire akaimirira, mtima kugunda kwambiri ndi befu akayenda pang'ono, iye n'kumati ndi mmene pathupi pamakhalira. Amayi, imani pagalasi, mukokere pansi chikope cha m'munsi. Ngati mkati mwake mwayera m'malo mofiira, zikhatho ndi lilime nazonso zayezuka, musadikire tsiku limene anakulemberani kusikelo. Ena amalakalaka dothi. Chimenechonso chikhoza kukhala chizindikiro, auzeni anamwino popanda manyazi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti palibe mayi amene amachira osataya magazi. Amene ali ndi magazi okwanira amapirira, koma amene anafika kale ali operewera, kutaya kochepa komweko kukhoza kumutengera moyo. Mwananso amatha kubadwa masiku asanakwane kapena ali wochepa thupi.

N'chifukwa chake mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe ndi azaumoyo kosachepera ka 8, ulendo woyamba uchitike pathupi pasanapitirire masabata 12. Kudikira kuti mimba iyambe yaonekera ndiko kutaya miyezi imene ikanathandiza kwambiri, chifukwa magazi amatenga masabata ambiri kuti abwerere m'chimake. Kusikelo amayeza magazi: nambala ikatsika pansi pa 11 ndiye kuti achepa, ikafika pansi pa 7 zafika poopsa. Amayezanso kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko, n'kupereka katemera wa kafumbata.

Tsopano za mapilitsi owonjezera magazi, poti apa m'pamene ambiri amagwa ulesi. Mlingo wake ndi mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi ndi 0.4 a folic acid tsiku lililonse, kufikira kuchira. Folic acid, amene ndi mtundu wa vitamini, amagwira ntchito yaikulu kumayambiriro, pakuti njira ya msana ndi ubongo wa mwana imaumbika m'masiku 28 oyamba, nthawi imene mayi mwina sanadziwe n'komwe kuti waima. Amene akukonzekera kutenga pathupi ayambiretu kumwa. Mapilitsiwa amadetsa chimbudzi, ndipo zimenezo si matenda ayi. Ena amamva nseru kapena kudzimbidwa. Mukatero musawaponye pansi pa bedi: yesani kumwa pogona kapena mutadya pang'ono, muzimwa madzi ambiri, ndipo zikapitirira kambiranani ndi anamwino. Musamezere tiyi, khofi kapena mkaka, chifukwa zimenezi zimatchinga ayironi kulowa m'thupi. Padutse maola awiri.

Mapilitsi salowa m'malo mwa chakudya. Ayironi wa mu nyama ndi nsomba thupi limamulandira mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba obiriwira amalowa movutirapo, koma mukadyera limodzi ndi zipatso zokhala ndi vitamini C monga malalanje, amalowa bwino. Masamba musawaphike mpaka kufiira. Onjezani mazira, gwiritsani ntchito mchere wa ayodini, ndipo ngati nseru ikukuvutani, idyani pang'onopang'ono koma kangapo patsiku.

Palinso akuba magazi awiri: malungo ndi njoka za m'mimba. Kumadera a malungo mayi agone m'neti usiku uliwonse, ndipo kuyambira sabata ya 13 alandire mankhwala oteteza ku malungo otchedwa SP kosachepera katatu, motalikirana mwezi umodzi. Mankhwala a njoka amaperekedwa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Zonsezi mulandire kusikelo, osagula nokha.

Abambo, nkhaniyi ikukukhudzani. Perekezani akazi anu, mukayezetse limodzi, muwakumbutse mapilitsi ndi kuwapeputsira ntchito zolemetsa. Mudziwenso zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, nsupa kusweka nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, nyamukani nthawi yomweyo. Ndalama ya ulendo ndi galimoto yodzakwera mukonzeretu mwezi wochira usanafike.

Mukachira, musasiye mapilitsi otsala. Pitirizani kumwa kwa masabata 6 mpaka 12 monga akulangizirani anamwino, kuti thupi libweze magazi amene linataya, ndipo mudikire zaka ziwiri musanatengenso pathupi pena.