Kuitana anthu ku phwando pa foni popanda kusochera pa chiwerengero

Mu 1998, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Stanford ku America, Al Lieb ndi Selina Tobaccowala, anayambitsa Evite, kampani yotumizira makadi oitanira anthu pa intaneti. Pofika 2001 inali itagulidwa ndi Ticketmaster, kampani yogulitsa matikiti. Chimene anthu anaikondera si maluwa a pa kadi ayi. Mlendo ankangodina kuti abwera kapena sabwera, mwini phwando n'kuona mayina onse pamalo amodzi. Ntchito yeniyeni ya kadi ndi imeneyo, yokuuzani kuti muphikire anthu angati.

Evite inakulira pa imelo, koma kuno ku Lusaka imelo ambiri amaitsegula mwa apo ndi apo. Ndiye tengani nzeru yakeyo, muigwiritse ntchito pa WhatsApp.

Musanatumize kalikonse, akuluakulu ayambe amva ndi pakamwa. Apongozi, amalume, ankhoswe ndi alangizi sangadziwe za chilanga mulilo (mwambo umene akuchikazi amaphikira mkwati zakudya zosiyanasiyana) kapena ukwati kudzera pa chithunzi chimene wawatumizira mdzukulu. Pitani mukawaone, kapena aimbireni ngati ali kutali monga ku Chipata kapena ku Katete. Kadi ibwere pambuyo ngati chikumbutso chabe.

Kadiyo mukhoza kuikonza pa Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi ndi makadi. Ikhale chithunzi chimodzi choimirira, zilembo zikuluzikulu, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi ndipo timalemba tating'ono timafufutika. Lembani tsiku la pa sabata pamodzi ndi deti, nthawi monga 14:00, malo, ndi tsiku lomaliza kuyankha. Pa malo musangoti "ku Chilenje" kapena "ku Matero". Tchulani msika, tchalitchi kapena sitolo yapafupi, kenako tumizani location ya Google Maps mutaima pa geti penipeni. Ambiri amaitumiza ali kunyumba kwawo, alendo n'kumazungulira komboni yolakwika. Ngati pali chitenje cha onse, jambulani nsaluyo masana panja; chithunzi cha pansi pa babu chimasintha mtundu, ndipo amayi amakagula china ku Kamwala.

Potumiza ndi pamene pamavuta kwambiri. Broadcast list ya WhatsApp, njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imatenga anthu 256, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Mudzaganiza kuti azakhali akunyalanyazani pomwe sanalandire kanthu. Gulu la pa WhatsApp nalonso lili ndi vuto lake: aliyense amaona manambala a anzake, ndipo uthenga wofunika umakwiririka ndi ma "Amen". Mukatsegula gulu, tsekani kuti azilemba ndi ma admin okha. Njira yodalirika ndi yotopetsa ija, kutumizira munthu aliyense payekha, mutamutchula dzina ndi kumuuza kuti kadiyi ndi ya anthu angati. Gawanani mayinawo m'komiti, aliyense atenge 30 kapena 40.

Mayankho asonkhane pamalo amodzi. Google Forms, yopangira fomu ya pa intaneti, ndi yaulere, ndipo mafunso atatu akwana: dzina, mubwera kapena ayi, mubwera angati. Amene alibe bandulo kapena ali ndi kafoni ka mabatani aimbiridwe, wa komiti awalembere yekha. Pa ukwati tumizani kadi kutatsala masabata 6, mutseke mayankho kutatsala masabata 2, ndipo kumbutsani osayankha kamodzi kokha. Chala choimika kapena kamtima si yankho, funsaninso. Mukapeza chiwerengero, pa anthu 10 alionse onjezerani mbale imodzi, poti wina sadzalephera kubwera ndi mwana kapena mlamu wake.

Za ndalama zisamalidwe. Nambala ya Airtel Money kapena MTN MoMo ikhale imodzi, ya msungichuma, ndipo mulembe dzina limene lidzaonekere potumiza. Akathyali amatenga kadi, n'kusintha nambala, n'kuifalitsanso. Uzani alendo kuyambira pachiyambi kuti nambala sidzasintha.

Musafunse zambiri za anthu kuposa zimene mukufunikira. Mu 2019 Evite inavomereza kuti akuba a pa intaneti analowa m'nkhokwe yake, ndipo mayina, maimelo ndi manambala a anthu pafupifupi 100 miliyoni anatuluka. Ngati zinachitikira kampani yaikulu chotero, fomu yanu isasunge nambala za chitupa cha NRC kapena masiku obadwa. Phwando likatha, ifufuteni.

Dzulo lake la phwando sindikizani mndandanda wa mayina motsatira zilembo, makope awiri. Magetsi akhoza kupita, foni ya wa pa geti n'kuzima, komanso kadi ya pa foni munthu akhoza kuitumizanso kwa aliyense, choncho kuionetsa sikutanthauza kuti munthu anaitanidwa. Pa geti paime anthu awiri, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, odziwa nkhope za abale, kuti agogo amene sanadzaze fomu asaimitsidwe padzuwa.