Kuphunzitsa dzanja lofooka la mwana wa cerebral palsy pakhomo

Mwana amene ubongo wake unavulala chifukwa chobanika pobadwa, chikasu chachikulu ali wakhanda kapena malungo a mu ubongo, vuto limene limatchedwa cerebral palsy, nthawi zina amafooka mbali imodzi yokha. Dzanja la mbali imeneyo limakhala lofumbata, chala chachikulu chitapindikira m'kati, chigongono chili chopinda. Poti dzanja linalo limamuchitira zonse, lofookali amangolisiya, ndipo likamasiyidwa limaumiraumira.

Njira imene ofufuza anaiyesa n'kuona kuti imathandiza ndi yotchedwa CIMT: kuphimba dzanja lamphamvu kwa kanthawi kuti mwana aseweretse lofookalo. Mu 2005, Ann-Christin Eliasson ndi anzake a ku Karolinska Institutet ku Sweden anafalitsa zimene anapeza pa ana a chaka ndi theka mpaka zaka 4, amene ankavala gulovu maola 2 pa tsiku kwa miyezi 2. Anawo anayamba kugwiritsa bwino dzanja lofookalo kuposa anzawo amene sanavale.

Musanayambe, mwana aonedwe ndi a fizo (akuchipatala amene amathandiza ziwalo zofooka pozichititsa masewera olimbitsa thupi), kaya pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Mulanje. Njirayi ndi ya mwana wofooka mbali imodzi, osati manja onse. Ngati amagwa khunyu pafupipafupi, ayambe wakhazikika pa mankhwala.

Gulovu mutha kupanga nokha. Dulani katoni molingana ndi chikhatho cha mwana mpaka kunsonga za zala. Muvekeni sokosi ku dzanja lamphamvu, ikani katoniyo kuchikhatho, n'kuvekanso sokosi ina pamwamba. Mangani pamkono ndi kansalu, osathinitsa. Chala chanu chizitha kulowa pansi pa mfundoyo. Cholinga n'chakuti zala zisatole kanthu basi. Musamangirire mkono wonse kuthupi ndi chitenje, chifukwa akaterereka afunika kudzitchinjiriza nawo.

Mukhazikeni pa kampando, mapazi onse aponde pansi, katebulo kafike m'zigongono. Mwana amene akulimbana n'kuti asagwe sangaike mtima pa zala. Inu khalani kutsogolo kwake, chakumbali yofookayo, ndipo zoseweretsa muzimupatsira komweko.

Apa ndiye pagona nkhani: gulovu payokha siphunzitsa kanthu. Chimene chimasintha ubongo ndi kubwerezabwereza kwa mwana mwiniwake. Yambani ndi zimene angathe lero. Sanjikizani zitini zopanda kanthu azigwetse, zilire. Akankhe mpira, amenye madzi m'beseni. Zikayamba kutheka, mupatseni chitsononkho kapena supuni ya chigwiriro chokulungidwa nsalu, agwire n'kuponya m'mbale. Kusiya chinthu kumavuta kuposa kuchigwira, ndiye pamenepa dekhani; mukaweramitsa pang'ono dzanja lake pamfundo ya mkono, zala zimamasuka zokha. Kenako zidutswa za nthochi kapena peyala, azidzidyetsa. Nandolo, mtedza ndi timiyala ayi kwa mwana amene akadaika zinthu m'kamwa, angatsamwe.

Maola awiri a pa tsiku aja si a nthawi imodzi. Agaweni m'zigawo za mphindi 20 kapena 30, mwana atakhuta komanso asanayambe kusinza. Ngati mayi amalawirira kukathyola tiyi, agogo kapena mchemwali wake aphunzitsidwe, koma wovala gulovu asasiyidwe yekha, makamaka pafupi ndi moto kapena chitsime.

Zolakwika zimene zimabweza anthu m'mbuyo n'zodziwika. Ena amakoka zala mwamphamvu kuti zitambasuke, koma mnofu wouma ukakokedwa mwadzidzidzi umakungika kwambiri. Ena amamugwira dzanja n'kumuchitira zonse, mwana ali phee kungoonerera. Masiku oyamba amalira n'kuyesa kuvula, zimenezo zisakudabwitseni. Koma kulira kukapitirira sabata, kawirikawiri ndiye kuti sewerolo lamukulira. Bwererani ku losavuta. Mukavula gulovu muziona khungu. Pakafiira, pakatupa kapena zala zikazizira, mwathinitsa.

Miyezi iwiri ikakwana, siyani gulovu n'kulowa ntchito za manja awiri: kusenda nthochi, kugwira kapu uku ndi uku, kugwira chimanga ndi dzanja lofooka linalo likutonola. Musayembekeze kuti lifanana ndi linzake. Chimene mukufuna n'chakuti lizigwirizira mbale, kope kapena kabudula povala. Bwererani kwa a fizo akaone ngati chala chachikulu chikufunika sipulinti (kachipangizo kochirikiza chala kuti chisapindikire m'kati), ndi kukuuzani nthawi yoti mudzabwerezenso.